Yankho la Amayi a ku Chilwa

Chaka chimenecho ndinkakhala ndi mayi anga ku Chiringa. Ndinkawathandiza kumunda, ndipo mmawa uliwonse ndinkaphunzitsa ana pasukulu ya mkaka ya mpingo wathu. Fomu folo ndinali nditalemba kalekale, setifiketi ili m'chikwama pansi pa bedi. Tsiku lina mnzanga amene tinaphunzira limodzi, yemwe panthawiyo ankakhala ku Zomba, anandiimbira foni. Anati bungwe lina lochita kafukufuku likufuna anthu odziwa kuwerenga bwino, omva Chilomwe, oti ayende m'midzi ya ku Phalombe kwa masabata atatu. Ndinatumiza mapepala anga mosayembekezera kanthu. Patangopita masiku ochepa anandiitana.

Ku Zomba anatiphunzitsa masiku asanu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva kuti kafukufukuyo ndi wa ndale. Chipani china chachikulu, chomwe kwathu kuno chili ndi anthu ambiri, chinkakonzekera msonkhano wake waukulu, woti nthumwi zikasankhe munthu wodzaimira chipanicho pa mpando wa pulezidenti. Opikisana enieni anali awiri. Wina anali mkulu amene anatsogolera chipanicho zaka zambiri, amene nkhope yake inali pa nsalu za amayi ochuluka m'mudzi mwathu. Winayo anali wocheperapo msinkhu, wongotchuka kumene. Kwathu tinkangoti akale aja ndi atsopano aja. Ntchito yathu inali yofunsa anthu wamba, osati nthumwi, kuti mwa awiriwa mtima wawo uli pa ndani.

Otiyang'anira anali mayi wina wamfupi, wolankhula mofatsa koma wosabwereza mawu. Anatipatsa aliyense tabuleti, kamakina kooneka ngati foni yaikulu, momwe munali mafunso onse. Kenako anatiuza malamulo. Tikafika m'mudzi tiziwerenga nyumba n'kulowa yachisanu iliyonse. Dzina la munthu tisalembe. Chovala cha mtundu wa chipani chilichonse tisavale. M'mudzi wakwathu tisafunsemo. Ndipo zimene munthu watiuza tisakauze wina aliyense, kaya ndi mwamuna wathu kaya ndi mayi otibereka. Tonse tinasaina papepala.

Mayi anga atamva mtundu wa ntchitoyo sanasangalale. Anandikumbutsa za zaka zija kunabuka mphekesera za anamapopa, pamene mlendo aliyense wonyamula kachipangizo kosadziwika ankathamangitsidwa ndi miyala m'midzi yomweyi. Anati anthu sanaiwale, ndipo ndale zimapsetsa mitima kuposa mphekesera. Panalinso china chimene sanachitchule koma tonse tinkachidziwa. Amalume anga, achimwene awo a mayi, amene anandilera bambo atamwalira, anali m'komiti ya chipani chomwecho m'dera lathu kuyambira ndili wamng'ono. Anali mmodzi mwa nthumwi zopita kumsonkhano waukulu uja. Ku Zomba sanandifunse ngati ndili ndi wachibale wa ndale, ndipo ine sindinanene.

Masiku oyamba tinayenda m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali yathu ino. Galimoto inkatisiya pasukulu kapena pamjigo, tikalonjera kwa eni mudzi n'kumwazikana wapansi. Ndikangotulutsa tabuleti, amayi ena ankathamangira m'nyumba kukatenga chiphaso cha unzika, poganiza kuti ndikulemba maina a thandizo. Ndikawauza kuti ndangobwera kudzamva maganizo awo, nkhope zinkagwa. Za misewu, za mankhwala kuchipatala, za mtengo wa nandolo ankayankha momasuka, ena mpaka kuwaletsa. Koma tikafika pa funso la opikisana awiri aja, mawu ankachepa. Wina ankati aliyense amene Mulungu wamukonzera. Wina ankati ndilembe amene ndikumuona ineyo kuti ndi woyenera. Ena ankayankha ndithu, koma atayang'ana kaye kumbali.

Tsiku lachitatu bambo wina wochokera kuphiri ndi mtolo wa nkhuni ananditsata nyumba zitatu. Sanandilankhule. Ankangotula mtolo wake chapatali, n'kuima, kudikira kuti nditsirize, kenako n'kusenzanso. Ine mafunso ndinkawerenga maso ali panjira yobwerera kugalimoto. Pa nyumba yachinayi sanabwerenso. Mpaka lero sindikudziwa chimene ankafuna.

Sabata yachiwiri anatipititsa kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Kunali dzuwa loswa mtengo, fumbi lili paliponse, mphepo ikubweretsa fungo la matemba owamba kuchokera kudooko. Nyumba imene inandigwera chakumasana inali yatsopano, ya zidina zosaotcha, yofolera ndi udzu. Pambali pake panali mulu wa dothi pomwe panali nyumba yakale. Pakhomopo ndinapeza mayi wa zaka zopitirira makumi asanu akupeta mpunga. Anandiuza kuti ndi wamasiye, ana awo anakwatiwa kutali, ndipo nyumba yakaleyo inagwa ndi madzi osefukira a chaka cha mphepo yamkuntho ija. Chichewa chawo chinkasakanikira ndi Chilomwe, ndipo atamva kuti ndikumva, anamasuka.

Pakhonde la nyumba yoyandikana panali bambo wina akusoka ukonde, atavala chipewa cha chipani. Titayamba mafunso a ndale, mayi aja anasuzumira kumeneko, n'kunena kuti tisamukire kuseri kwa khitchini poti kuli mthunzi wabwino. Kuseriko kunalibe mthunzi uliwonse. Tinakhala pansi padzuwa, ndipo ndinawerenga funso lija. Anayang'anitsitsa tabuleti.

"Zikalowa m'kabokosi kanuko, zimapita kuti?" anafunsa.

Ndinawafotokozera monga anatiphunzitsira, kuti zimapita ku Zomba n'kukasakanikira ndi mayankho a anthu ambirimbiri, kuti dzina lawo sindinalembe ndipo sindikulidziwa n'komwe.

"Mukulumbira kuti sizikamveka?"

Ndinati ndikulumbira.

Anatchula atsopano aja. Kenako, ngati munthu amene wakhala akusunga mawu nthawi yaitali, anapitiriza ngakhale kuti funso linali litatha. Anati akale aja anawavinira pamisonkhano kwa zaka zambiri mpaka mawondo kuwawa, nsalu zawo ali nazo zitatu. Koma madzi atatenga nyumba, amene anabwera kudzaumba nawo zidina anali amayi a kumpingo okha. Anati atsopanowo sakuwadziwa, mwina ndi chimodzimodzi, koma akufuna kuona nkhope ina. Anandiuzanso kuti bambo osoka ukonde aja ndi tcheyamani wa chipani m'mudzimo, ndipo sasowa pamene pakulembedwa maina a feteleza wotsika mtengo. Choncho akaitanidwa kovina amapitabe, nsalu ili m'chiuno.

Titamaliza anandipatsa madzi akumwa, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa kwa yani. Ku Zomba anatiuza kuti za ife eni tisamanene zambiri. Koma kwathu kuno sungamwe madzi a munthu n'kumubisira kwanu. Ndinatchula mudzi wathu ndi banja la mayi anga. Anatsitsa kapu imene anali atailandira m'manja mwanga.

"Ndiye kuti ndinu mwana wa alongo awo a bambo aja a chipani a ku Chiringa?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinayamba kunena kuti zimenezo sizikukhudzana ndi ntchito yanga, koma iwo anali atatenga kale lichero lawo. Anati ndiyende bwino. Sanandiperekeze ngakhale kufika pampanda.

Madzulo a tsikulo, tikusadzula masamba ndi mayi anga, nkhani ija inandilemera ndipo ndinaitula. Dzina sindinkalidziwa, koma mudzi ndinautchula. Ndinanena za nyumba yakugwa, za kutopa ndi kuvina, ndi za mmene nkhope yawo inasinthira atamva za amalume. Ndinkaona ngati ndikungocheza ndi mayi anga. Pepala ndinasaina lija ndinalikumbukira mawu atatuluka kale.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, amalume anabwera panjinga yawo yamoto. Anali ataonda. Nthawi yochepa imene anakhala pansi pa mtengo wa mango, foni yawo inalira kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankapita kukayankhira kuseri kwa nyumba. Mayi anandinong'oneza kuti a mbali zonse ziwiri akuwaimbira usana ndi usiku. Atabwerera kachiwiri anandiitana kuti ndikhale pafupi.

"Iwe wayenda midzi yonseyi. Anthu akuti chiyani?"

"Amalume, tinasainira kuti tisanene."

"Maina sindikufuna. Ndikungofuna kudziwa amene ambiri akumutchula."

Iwo anayamba kundifotokozera, osati mokalipa, koma ngati munthu wodandaula kwa dokotala. Anati akakhalabe ndi akale aja, atsopano n'kupambana, awachotsa m'komiti ngati chinthu chotha ntchito, zaka zonse zija n'kupita pachabe. Akasamukira kwa atsopano, akale n'kupambana, adzatchedwa wogulitsa anzake, ndipo anthu amene akhala nawo limodzi m'chipani kuyambira kale sadzabweranso ngakhale pamaliro a pakhomo pawo. Anati pamisonkhano aliyense amaomba m'manja, ndiye sadziwanso kuti zoona ndi ziti. Munthu mmodzi yekha amene anthu amulankhula kuseri kwa nyumba zawo ndi ine.

Ndinawayankha kuti ngakhale ine sindikudziwa, poti anzanga ali ndi matabuleti awo ndipo sitionetsana. Zinali zoona, koma osati zonse. Zimene makutu anga ankamva tsiku ndi tsiku ndinkazidziwa bwino. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakulera ine. Lero ukundibisira ngati ndine munthu wodutsa."

Anakwera njinga yawo osadya. Mayi, amene nthawi yonseyi ankasenda nandolo chapafupi, anangoti ndikanawapatsako ngakhale kamawu kamodzi kuti mtima ukhale pansi.

Ntchito inatha, tabuleti ndinabweza. Ndinabwerera kwa ana anga a sukulu ya mkaka ndikuganiza kuti zatha. Patapita masabata awiri, pa nkhani za masana, wailesi inalengeza zotsatira za kafukufuku wathu. Inati anthu ambiri amene anafunsidwa akufuna atsopano aja, ngakhale m'maboma a kuno kumene aliyense ankati ndi kwawo kwa akale. Ndinali ndikutsuka mbale. Sindinadabwe ndi zotsatirazo. Ndinangodziwa kuti pa Chiringa ponse munthu wodziwika kuti anayenda ndi kabokosi kaja ndi ine ndekha.

Mawa lake ndikudutsa pasiteji ya njinga za kabaza, wina anakuwa kuti a kafukufuku akudutsa, anzake n'kuseka. Madzulo ake mnzanga wa kukwaya anandiuza kuti kukumveka nkhani ziwiri. Ena akuti a mbali ya atsopano anatigula kuti tilembe zabodza. Ena akuti kabokosi kaja kankajambula nkhope za anthu mobisa, ndipo maina a onse amene anakana akale aja ndinawapereka kwa amalume. Nkhani ziwirizi zinkatsutsana, koma zonse zinkanena za ine. Mayi wina anasiya kubweretsa mapasa ake kusukulu ya mkaka osanena chifukwa. Kumsika ndinasiya kupita. Njinga yamoto ikamveka ikulowera kwathu, ndinkaima chilili mpaka idutse. Ndinaimbira otiyang'anira aja, ndipo anandiuza mofatsa kuti ndisayankhe munthu, zimenezi zimachitika, zitha zokha. Iwo anali ku Zomba.

Mmawa wina ndikusesa pabwalo, njinga ya kabaza inaima pampanda, ndipo anatsika mayi a ku Chilwa aja. Anali atavala nsalu yoyera bwino ndi duku, ngati opita kuchipatala kapena kumlandu. Anati anafunsira njira pamsika, banja la bambo a chipani aliyense amalidziwa. Mpando anakana, anakhala m'mphepete mwa mphasa. Atapatsana moni ndi mayi anga, anatembenukira kwa ine. Anati dzana kusukulu ya kwawo kunawerengedwa maina a olandira feteleza wotsika mtengo, ndipo lawo panalibe. Zaka ziwiri zapitazo linkatuluka. Tcheyamani uja anaima pafupi ndi owerengawo, ndipo sanawayang'ane ngakhale kamodzi. Anati mpunga wa kudambo sukwana chaka, chimene chimawasunga ndi kamunda ka chimanga kumtunda, ndipo nthaka yake popanda feteleza sibereka.

"Sindinabwere kudzakangana, mwana wanga. Ndabwera kuti mundiuze nokha. Munawauza amalume anu?"

"Sindinawauze, amayi."

"Nanga ndani?"

Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono, ndipo ndinaitanira mayi anga kukhitchini. Ndinawafunsa ngati nkhani ndinawauza tsiku lija anakaifikitsa kwa achimwene awo. Anayamba akana. Kenako anati anangowauza kuti tsiku lina ndinabwera wokhumudwa chifukwa cha mayi wina wa ku Chilwa amene nyumba yake inagwa. Anati ankafuna kuti amalume aone kuti ntchitoyo ikundivuta, asiye kundikwiyira. Ngati anatchula mudzi kapena za kuvina zija, anati sakukumbukira. Ndinatsamira khoma. Kwa mayi aja ndinali nditanena zoona, koma zoona zake zinali zosakwanira, ndipo ndinkadziwa kuti ngati mawu anayenda, anayambira pakamwa panga.

Ndinatuluka n'kuwauza mayi aja kuti tipite limodzi kwa amalume. Anazengereza, koma ananyamuka. Ndi mtunda wochepa, kudutsa munda wa chinangwa ndi mjigo. Ine ndinkaganiza kuti ndikapeza kuti amalume anachitadi zimenezi, sindidzatha kukhalanso pamudzi pano, ndipo ndikapeza kuti sanachite, ndiye kuti ndawanyoza pamaso pa mlendo.

Tinawapeza akusoka matumba a nandolo pakhonde. Chiyambire Lamlungu lija tinali tisanalankhulane. Ndinagwada chapatali n'kufotokoza kuti mayi awa ndi mmodzi mwa anthu amene ndinawafunsa, dzina lawo lasowa pa mndandanda wa feteleza, ndipo akuganiza kuti ndi chifukwa cha zimene anandiyankha. Kenako ndinafunsa funso limene sindinkaganiza kuti ndingawafunse amalume anga, ngati analankhulapo ndi tcheyamani wa kumeneko. Anasiya singano. Anati chiyambireni ndale sanachotsetsepo munthu pa mndandanda uliwonse, ndipo ngati mwana wa mlongo wawo akuwaona choncho, ndiye kuti analera pachabe. Za mlongo wawoyo anati anawauzadi kanthu kena ka mayi wa nyumba yakugwa, koma nyumba zinagwa zambiri ku Chilwa, iwo sanazisunge.

Mayi aja sanakhulupirire. Ndinaona pankhope pawo. Anakonza nsalu yawo, nakhala bwino.

"Poti munamva kale, bambo, lero mumve pakamwa panga," anatero.

Anabwereza zonse zimene anandiuza kuseri kwa khitchini, n'kuonjezapo. Ananena za zaka zovina, za usiku umene madzi analowa m'nyumba, za masabata amene anagona m'kalasi pasukulu, za amayi a kumpingo amene anaponda nawo dothi. Anati m'mudzi mwawo amayi ambiri ovala nsalu ya akale aja akakhala okha kudambo amalankhula zina. Sanakweze mawu. Pomaliza anatchula atsopano aja, monga anachitira kwa ine, koma ulendo uno osayang'ana kumbali.

Amalume anali atavula chipewa. Ndikuwadziwa bwino akamamva nkhani imene akuidziwa kale, amagwedeza mwendo kudikira kuti wolankhulayo amalize. Tsiku limenelo sanagwedezeke. Ndinaona kuti akuzimva koyamba. Patapita kanthawi ndinaona kuti mayi ajanso aona zomwezo, chifukwa mawu awo anayamba kuchepa, manja akufinya nsonga ya nsalu. Chinsinsi chimene anayendera ulendo wonsewu anali atachiulula okha, kwa munthu yemwe ankamuopayo. Ine ndinkangoyang'ana pansi.

Amalume ndiwo anayamba kulankhula. Anati zimene amva zithera pakhonde pomwepo. Anati mawa mmawa apita nawo kwa alangizi a zaulimi a dera la kwawoko kuti akamve chimene chinachitika ndi dzinalo. Mayi aja anagona kwathu tsiku limenelo, m'chipinda changa, ine ndinagona kwa mayi. Anadya pang'ono. Mmawa amalume anabwera n'kuwakweza panjinga yamoto, ine anandiuza kuti nditsale.

Tsiku limenelo linatalika. Kusukulu ya mkaka ndinaimbitsa ana nyimbo imodzi katatu osazindikira. Masana ndinayesa kuchapa, ndinayesa kusankha nandolo, chilichonse ndinkachisiya pakati. Ndinkaganiza kuti mwina amalume akakumana ndi tcheyamani uja pakamwa pangawapulumuke. Ndinkaganizanso kuti anthu a m'mudzimo akaona mayi aja akutsika panjinga ya munthu wa chipani, ayamba kufunsa kuti akuchokera kuti ndipo anakanena chiyani.

Amalume anabwera dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anakhala pansi pa mango, ndipo ulendo uno madzi amene ndinawapatsa analandira. Anati alangizi awaonetsa mapepala. Mndandanda wa chaka chino unabwera wofupika kuchokera kulikulu, ndipo m'mudzi umenewo anthu ambiri amene ankalandira atsala, ngakhale mlongo wake wa tcheyamani yemweyo. Anati tcheyamaniyo sankayang'ana anthu tsiku lija chifukwa cha manyazi, popeza anali atawalonjeza kuti onse atuluka. Dzina la mayi aja silikanatheka kubwezeretsedwa. Ndinafunsa ngati iwowo akhulupirira kuti sizinachokere kwa ine. Amalume anati mapepala awaona ndi maso awo, koma za mumtima mwawo ndikawafunse ndekha.

Masiku a msonkhano waukulu atakwana, nthumwi za dera lathu zinanyamuka pa basi kuchokera pa Chiringa, amayi akuimba pamsewu. Amalume anakhala pawindo, osaimba nawo. Zotsatira tinazimva pawailesi mmawa wa tsiku lachitatu. Nthumwi zinasankha akale aja. Pamsika panali chisangalalo, ndipo amene ankandinena aja tsopano ankangondiseka, kuti kafukufuku wanga wagwa chagada. Kamodzi ndinayesa kufotokozera bambo wina wogulitsa makaka, chinangwa chouma chija, kuti ife tinafunsa anthu wamba, pamene ovota kumsonkhano ndi nthumwi zokha. Anandiyang'ana ngati ndikudzikhululukira, ndipo sindinayesenso. Kusekedwako kunandipepukira kuposa kukayikiridwa. Patapita sabata anthu anali atapeza zina zokamba, ndipo mapasa aja anabwereranso kusukulu.

Amalume anabwera mawu atasasa, mapazi atatupa ndi ulendo. Mpando wawo m'komiti unatsala. Amene anamuvotera sananene, ndipo pakhomo pathu palibe anawafunsa. Anayambanso kudya kwathu Lamlungu, ngakhale kuti kwa miyezi ingapo ankalankhula ndi ine kudzera mwa mayi. Chimene ndinaona n'chakuti pamisonkhano ya m'dera anasiya kuima kutsogolo kolamula amayi kuti avine. Ankakhala pampando n'kusiyira ena.

Mvula itayamba misewu ya ku Chilwa inaduka, ndipo sindinapite kukawaona mayi aja. Kunena zoona, ngakhale msewu ukanakhala wabwino sindikudziwa ngati ndikanalimba mtima. Nyengo yonse ya dzinja, ndikaona chimanga chachikasu m'munda wa munthu, ndinkaganiza za kamunda kawo ka kumtunda.

Ndinakumana nawo patatha miyezi yambiri, nthawi yokolola, tsiku la msika pa Chiringa. Anali pamzere wa ogulitsa mpunga, beseni lili patsogolo. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone, koma anali atandiona kale. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anayankha bwinobwino, nafunsa za mayi anga. Ndinafunsa za chimanga, anati chinabereka pang'ono, anathira manyowa a mbuzi amene anapempha kwa amayi anzawo, ndipo mpunga ndiwo unachita bwino chaka chimenecho. Za tcheyamani uja anati amapatsana moni ngati kale, palibe chimene anamva.

Ndinali nditakonzeka kuwauza zimene ndinalankhula ndi mayi anga madzulo aja, kuti lumbiro langa silinali lathunthu. Koma panafika wogula, kenako wina, ndipo ine ndinangokhala pambali nditagwira jumbo langa. Ogulawo atapita anandifunsa ngati ndikadali pantchito ija. Ndinati a ku Zomba aja andiitananso, ulendo uno kukafunsa za madzi akumwa ndi mijigo, ndipo sindinayankhe. Anapeta mpunga pang'ono m'mbale, akuchotsa timiyala ndi chala.

"Mukavomera, kabokosi kaja kwathu musadzafike nako," anatero. "Mukafuna kubwera, mudzabwere nokha."

Anandiyezera mbale ziwiri, n'kuthirapo kadzanja kapamwamba monga amachitira kwa wogula aliyense. Ndinatsanzika n'kupita kukagula mchere umene mayi anandituma.